Nirvanix: kampani yosunga mafayilo pa intaneti imene idagwa mu 2013

Nirvanix idali kampani ya ku America imene inkasungira makampani ena mafayilo awo pa makompyuta ake olumikizidwa ku intaneti, ntchito yomwe pa Chingerezi amaitcha cloud storage. Likulu lake lidali mumzinda wa San Diego, ku California. Idakhazikitsidwa m'chaka cha 2007 ndipo idatseka m'chaka cha 2013. Imakumbukiridwa kwambiri chifukwa cha kagwedwe kake, pakuti poyamba makasitomala ake adapatsidwa masabata awiri okha kuti asamutse zonse zimene adasungitsa.

Chiyambi chake

Nirvanix idaphuka kuchokera ku kampani ya Streamload, yomwe inkasungira anthu wamba nyimbo, zithunzi ndi makanema. Streamload itagawika pawiri, nthambi yothandiza anthu wamba idatchedwa MediaMax, kenaka The Linkup, ndipo idatseka mu 2008 itataya mafayilo a makasitomala ambiri. Nthambi inayo ndiyo idakhala Nirvanix, ndipo idalunjika ku makampani akuluakulu.

Malonda ake adali osavuta kumva: m'malo mogula makina osungiramo mafayilo ndi kulemba ntchito owasamalira, kasitomala ankalipira mwezi ndi mwezi molingana ndi kuchuluka kwa zimene wasungitsa. Apa n'kuti kampani ya Amazon itayamba kale malonda otere m'chaka cha 2006 kudzera mu ntchito yake yotchedwa S3.

Mpamba ndi kukula kwake

Nirvanix idakula ndi ndalama za makampani oika mpamba m'mabizinesi atsopano. Makampani otere sakongoza ngati banki. Amagula masheya poyembekezera kuti bizinesiyo ikakula adzawagulitsa pa mtengo wokwera, ndipo akaona kuti phindu silikubwera amaleka kuthirapo ndalama.

Mpamba wonse umene Nirvanix idalandira udali pafupifupi madola 70 miliyoni. Mwa ndalamazi, madola 25 miliyoni adabwera m'chaka cha 2012 motsogozedwa ndi Khosla Ventures. Intel Capital idalinso m'gulu la oikamo ndalama. Mu 2011 kampaniyi idagwirizana ndi IBM kuti IBM izigulitsa ntchito ya Nirvanix kwa makasitomala ake, zomwe zidachititsa ambiri kuikhulupirira. Sukulu yaukachenjede ya University of Southern California idalinso mwa makasitomala ake aakulu.

Zomwe zidaigwetsa

Bizinesi yosunga mafayilo imadya ndalama zambiri isanabale phindu. Kasitomala aliyense watsopano amafuna makina ena, malo oikamo makinawo, magetsi ndi zoziziritsira. Pamene zofunikazi zinkachuluka, Amazon, Google ndi Microsoft ankatsitsa mitengo mobwerezabwereza, popeza adali ndi malonda ena owabweretsera ndalama. Nirvanix idalibe kwina kotapa, ndipo inkadalira kuti eni mpamba apitirize kuithandiza.

Utsogoleri nawo sudakhazikike. Kampaniyi idasintha akuluakulu oiyendetsa kangapo, ndipo womaliza, Debra Chrapaty, adachokera ku kampani ya Zynga m'chaka cha 2013, patangotsala miyezi yochepa kuti itseke.

Kutseka kwake

Chapakati pa mwezi wa Sepitembala 2013, makasitomala adauzidwa kuti aleke kutumiza mafayilo atsopano ndipo achotse akale mweziwo usanathe. Tsikuli lidasunthidwa kufika pa 15 Okutobala. Pa 1 Okutobala kampaniyi idapempha khoti kuti liiteteze kwa omwe idali nawo ngongole, motsatira gawo la malamulo a ku America lotchedwa Chapter 11.

Vuto la makasitomala lidali nthawi. Petabyte imodzi ndi magigabayiti miliyoni imodzi, ndipo kuisamutsa pa intaneti yothamanga gigabit imodzi pa sekondi kumatenga pafupifupi miyezi itatu, usana ndi usiku. Amene adasungitsa zochuluka chotere adayenera kusaka njira zachangu komanso malo atsopano nthawi imodzi. Ena adasamukira ku SoftLayer, kampani imene IBM idali itangogula chaka chomwecho, ena ku Amazon, Google kapena Microsoft.

Kuchokera nthawi imeneyo, akatswiri olangiza makampani pa nkhani za makompyuta amatchula Nirvanix akamalimbikitsa zinthu ziwiri: kusunga mafayilo ofunika m'malo oposa amodzi, ndi kuonetsetsa kuti mgwirizano ndi kampani yosunga mafayilo ukunena momveka mmene kasitomala adzatengere zinthu zake kampaniyo ikadzatseka.