Momwe anyamata a ku Britain anagulitsira America nyimbo zake zomwe

Sabata yatha mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa ku Fomu 4 ananditumizira nyimbo ya WITCH, gulu la ku Zambia, n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi izi tiziti ndi nyimbo zathu kapena za azungu?" Ndinamuuza kuti funsoli ndi lalitali, sitingalimalize pa foni, chifukwa yankho lake likuyambira ku Liverpool ndi ku Chicago.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, zinthu ku Britain zinali zovuta. Chakudya china ankagula moyezeredwa mpaka 1954, ndipo achinyamata analibe ndalama zogulira zida zoimbira zodula. Mu 1956 Lonnie Donegan anatchuka ndi nyimbo ya "Rock Island Line", imene anaitenga kwa Lead Belly, woimba wakuda wa ku America. Nyimbo zamtunduwu ankazitcha skiffle. Zida zake zinali gitala wotchipa, thabwa lochapirapo zovala, ndi bokosi la tiyi lokhala ndi ndodo ndi chingwe chimodzi. Ife amene tinakula tikuona banjo ya chigubu ndi babatoni sitingadabwe nazo. John Lennon anali ndi kagulu ka skiffle, ndipo ndi pa zoimbaimba za kaguluka pamene anakumana ndi Paul McCartney mu July 1957.

Mu August 1960 gulu lawo, limene tsopano linkatchedwa Beatles, linapita ku Hamburg ku Germany. Kumeneko ankaimba m'mabala maola ambiri usiku uliwonse, makamaka nyimbo za Chuck Berry, Little Richard ndi ena a ku America. Luso analipezera kumeneko, ndi thukuta. Ngakhale zinali choncho, kampani ya Decca inawakana kumayambiriro kwa 1962, mpaka George Martin wa ku Parlophone anawatenga. Ku America nakonso kampani ya Capitol inayamba yawakana, moti zimbale zawo zoyamba kumeneko zinatulutsidwa ndi Vee-Jay, kampani ya ku Chicago imene eni ake anali anthu akuda.

Zinthu zinatembenuka mu 1964. Pa 7 February a Beatles anatera ku New York, ndipo pa 9 February anthu pafupifupi 73 miliyoni anawaonera pa pulogalamu ya Ed Sullivan. Pa 4 April, pa mndandanda wa Billboard, nyimbo zisanu zoyambirira zonse zinali zawo. Khomo litatseguka, analowa ambiri: Rolling Stones, Animals a ku Newcastle, Kinks, Who ndi ena. Manyuzipepala anatcha zimenezi British Invasion, ngati kuti Britain yalowa m'dzikomo ndi asilikali.

Apa ndi pamene mphunzitsi wa mbiri ayenera kufunsa: katundu amene anyamatawa anabweretsa anali wa ndani? Mick Jagger ndi Keith Richards atakumana pa siteshoni ya sitima ya Dartford mu 1961, Jagger anali atanyamula zimbale za Chuck Berry ndi Muddy Waters. Dzina lenilenilo la Rolling Stones linachokera ku nyimbo ya Muddy Waters. Atafika ku America mu June 1964, anapita kukajambula nyimbo ku Chess ku Chicago, kumene akatswiri awowo ankajambulira. Chifukwa cha tsankho, azungu ambiri a ku America sankamvera blues ya anthu akuda a m'dziko lawo lomwe. Anadzaikonda itawoloka nyanja n'kubwerera ili m'kamwa mwa anyamata oyera.

Ena mwa anyamatawa anachita zaulemu. Mu September 1964 a Beatles ananeneratu kuti saimba ku Jacksonville ngati akuda ndi oyera akhale mosiyana m'bwalo, ndipo anthu anakhala mosakanikirana. Mu 1965 a Rolling Stones anaumirira kuti Howlin' Wolf aimbe nawo pa pulogalamu ya pa TV ya Shindig, iwo n'kukhala pansi kumamuonerera. Oimba angapo a blues amene anayamba kuiwalika anapezanso ntchito chifukwa anyamatawa ankawatchula mayina poyera. Koma si onse anatero. Nyimbo ya Led Zeppelin ya mu 1969, "Whole Lotta Love", inatenga mawu a nyimbo ya Willie Dixon popanda kumutchula. Dixon anakasuma mu 1985, nkhaniyo inathera kunja kwa khoti, ndipo kenako dzina lake linayamba kulembedwa pa nyimboyo.

Tsopano tifike ku funso la mnyamata wanga. Zimbale za magulu a ku Britain zinafikanso ku migodi ya ku Zambia. A WITCH anayambira ku Kitwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, akuimba nyimbo za magulu akunja. Woimba wawo, Emmanuel Chanda, anthu ankamufanizira ndi Jagger, ndipo dzina loti Jagari linachokera pamenepo. Boma la Kenneth Kaunda litalamula kuti wailesi iziika makamaka nyimbo za m'dzikomo, magulu ngati WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi anapeza mpata wa nyimbo zawozawo. Gitala wolira mokalipa uja anamuika pa kaimbidwe ka kwawo, ndipo nyimbo zina anaziimba mu Chibemba ndi Chinyanja. Imeneyi ndiyo Zamrock. Mtengo wa kopa utatsika chuma chinalowa pansi, kenako Edzi inatenga oimba ambiri. Aphunzitsi anzanga, dziwani kuti Jagari anadzakhala mnzathu wa choko, ankaphunzitsa nyimbo. Patapita zaka, zimbale zakale zinatulutsidwanso kunja, gululo linayambanso kuimba ku Europe ndi America, ndipo mu 2023 linatulutsa chimbale chatsopano, Zango.

Ndiye yankho langa ndi ili, mwana wanga. Nyimbo za WITCH ndi za a WITCH, monga momwe za Beatles zilili za Beatles. Onsewo anayamba ndi kutengera, kenako anawonjezera zawo. Zidzukulu za akapolo ochokera ku Africa zinapanga blues, anyamata a ku Britain anaiphunzira pa zimbale, anyamata a ku Kitwe n'kuphunziranso kwa iwowo. Ife aphunzitsi timalanga wokopera mayeso, ndipo tikulondola. Koma tiziwauzanso ana kusiyana kwa Jagger amene anaonetsa mphunzitsi wake pa TV ndi gulu limene linadikira kusumiridwa kuti lilembe dzina la mwini mawu.

Amene muli ndi zimbale zakale za makolo anu m'masutikesi, chonde musataye. Ndikufuna ndidzabwereke chimodzi ndikawaonetse ana a Fomu 3 teremu ikubwerayi.