Nkhuni za ku Loughton, Njovu za ku Kasungu: Kodi Nkhalango ndi ya Yani?

Lero tikamba za nkhalango, ndipo tiyambira konkuno ku London.

Ambiri mukudziwa kuti ine ntchito yanga ndi ya makompyuta. Sabata yonse ndimakhala m'kachipinda kozizira ka ma server, kulimbana ndi mawaya komanso anthu oiwala password. Ndiye Loweruka likafika ndimafuna mpweya. Ndimakwera Central line, kutsikira pa Leytonstone, n'kuyenda wapansi mpaka ku Wanstead Flats. Ulendo woyamba ndinadabwa. Malo aakulu chonchi, udzu ndi mitengo, pakati pa nyumba zodula chonchi, palibe geti, palibe wolipiritsa. Kwathu ndikanafunsa kuti mwini wake ali kuti. Ndinayamba kufufuza, ndipo zimene ndinapeza zinandibweza mpaka ku Kasungu.

Wanstead Flats ndi kumunsi kwa Epping Forest, nkhalango ya mahekitala pafupifupi 2,400. Imayambira cha ku Forest Gate ndi Manor Park kum'mawa kwa London, kudutsa Chingford, mpaka ku Epping m'chigawo cha Essex, mtunda wa makilomita pafupifupi 19. Kale inali nkhalango yosakiramo nyama mafumu a ku England, koma anthu wamba a m'midzi yozungulira anali ndi ufulu wawo. Ankadyetsamo ng'ombe. A m'mudzi wa Loughton anali ndi ufulu winanso: kusadza nthambi za mitengo kuti apeze nkhuni, kuyambira pakati pa usiku pa 11 November mpaka pa 23 April. Sankagwetsa mtengo ayi. Ankadula nthambi pamwamba, poti ng'ombe ndi agwape sangafikire mphukira, mtengo n'kuphukanso. Patapita zaka angapo ankabwerera ku mtengo womwewo.

Mavuto anayamba m'zaka za m'ma 1800. London ikukula, malo akukwera mtengo, eni minda akuluakulu anayamba kutchinga nkhalango ndi mipanda. Mu 1851 boma linachotsa chitetezo pa Hainault Forest, nkhalango yoyandikana nayo, ndipo mitengo yake yambiri inazulidwa m'masabata ochepa chabe. Mu 1865 m'busa John Whitaker Maitland, amene analinso mwini malo ku Loughton, anatchinga maekala oposa 1,300. Bambo wina wosauka, Thomas Willingale, anakana. Iye ndi abale ake anapitiriza kusadza nkhuni monga ankachitira makolo awo. Mu 1866 mwana wake ndi abale ake awiri anatsekeredwa m'ndende masiku 7 chifukwa cha nkhuni. Willingale anakasuma ku khoti mothandizidwa ndi bungwe la Commons Preservation Society, limene linakhazikitsidwa mu 1865, koma anamwalira mu 1870 mlandu usanathe.

Nkhani ya Willingale imandikumbutsa agogo anga aakazi. Ankatiuza mmene ankazembera m'bandakucha kukatola nkhuni m'nkhalango ina ya boma kufupi ndi kwathu, ndi mmene tsiku lina alonda anawalandira nkhwangwa. Chimene chinkawapweteka kwambiri si nkhwangwayo. Ankati m'nkhalango imeneyo munali manda a agogo awo. Kusiyana kwa agogo anga ndi Willingale ndi kumodzi: Willingale anapeza anthu a ndalama ndi maloya oti amuyimire.

Pa 8 July 1871 anthu masauzande anasonkhana pa Wanstead Flats pomwepo, n'kugwetsa mipanda imene inamangidwa ndi Lord Cowley. Chaka chomwecho City of London Corporation inalowerera. Inalowa bwanji? Inali itagula malo cha ku Manor Park oti pakhale manda, amene lero ndi City of London Cemetery, ndipo malowo anabwera ndi ufulu wodyetsa ziweto m'nkhalango. Ndi ufulu umenewo inakasuma. Mu 1874 woweruza Sir George Jessel anagamula kuti mipandayo inali yosemphana ndi lamulo. Kenako mu 1878 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Epping Forest Act, lamulo limene linapereka nkhalango m'manja mwa City of London kuti iziyisamala, isamangidwemo nyumba, ikhale yotseguka kwa aliyense. Pa 6 May 1882 Mfumukazi Victoria inafika ku High Beach kukalengeza kuti nkhalangoyi ndi ya anthu.

Koma tamverani bwino apa. Lamulo lomwelo linathetsa kusadza nkhuni. Anthu a ku Loughton anapatsidwa chipukuta misozi cha mapaundi 7,000, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo linamangira holo ya mudzi yotchedwa Lopping Hall, imene inatsegulidwa mu 1884 ndipo ilipo mpaka lero. Ndiye kuti osauka amene anayambitsa nkhondoyi anapulumutsa nkhalango koma nkhuni anaziluza. Opambana kwenikweni anali anthu a m'tauni ofuna kokapitidwa mphepo, anthu ngati ine wa Lowerukayu. Komabe ufulu wawo unavomerezedwa kuti unalipo, unawerengeredwa mtengo, n'kulipiridwa. Ndipo ufulu wodyetsa ng'ombe sunachotsedwe. Mpaka lero anthu okhala ndi ufulu umenewu amasankha oimira awo anayi, otchedwa ma verderer, amene amakhala nawo m'komiti yoyendetsa nkhalango.

Tsopano gwirani dzina ili: Edward North Buxton. Anali wa banja lolemera, mmodzi mwa omenyera Epping Forest, ndipo anakhala verderer zaka zambiri. Analinso mlenje wa nyama zikuluzikulu, woyenda mpaka ku Africa. Mu 1903 munthu yemweyu ndi amene anatsogolera kukhazikitsa bungwe la Society for the Preservation of the Wild Fauna of the Empire konkuno ku London. Ambiri mwa mamembala ake anali alenje olemera amene ankaona kuti nyama zikutha, mpaka anthu ankawanena kuti ndi okupha nyama olapa. Bungwe limeneli ndi limene lero likutchedwa Fauna & Flora.

Nthawi imeneyo London inali itayamba kale kukonza za nyama za ku Africa. Pa 19 May 1900 mayiko a atsamunda, kuphatikizapo Britain, Germany, France ndi Portugal, anasaina pangano mumzinda uno lokhudza kusunga nyama, mbalame ndi nsomba za ku Africa. Panganolo linalimbikitsa kupatula malo osungirako nyama, linaika malire pa kusaka ndi maukonde ndi mbuna, ndipo linaika mikango, akambuku, afisi ndi ng'ona m'gulu la zilombo zofunika kuchepetsedwa. Silinagwire ntchito mokwanira chifukwa mayiko ena sanalivomereze, koma maganizo ake analowa m'malamulo a m'madera olamulidwa ndi Britain. Mu November 1933 kunasainidwa pangano lachiwiri, ku London komweko, limene linafotokoza chimene national park iyenera kukhala. Pa misonkhano iwiri yonseyi panalibe mfumu ya Achewa, Ayao, Atumbuka kapena Amang'anja. Ukonde ndi mbuna zinali zida za munthu wa kumudzi. Mfuti ndi laisensi zinali za bwana. Mukatha kuona nokha kuti lamulo linagwera ndani.

Kwathu malo oyamba osungirako nyama anapatulidwa mu 1897, ku Elephant Marsh m'chigwa cha Shire ndi ku nyanja ya Chilwa. Ku Kasungu nkhani yake ndi yowawa. Kashembe atafalikira ndipo matenda a kaodzera atavuta, boma la atsamunda linasamutsa anthu kumadzulo kwa bomalo, ndipo mu 1922 malowo anasanduka nkhalango yotetezedwa. Mu 1930 anakhala malo osungirako nyama, mu 1970 n'kukhala Kasungu National Park. Otsutsa analipo. Dokotala wa mishoni ya Livingstonia amene ankagwira ntchito ku Kasungu, George Prentice, ankanena poyera kuti kusunga nyama kukuchulukitsa kashembe ndi kuzunza anthu. Lamulo la nyama la 1926 linatsutsidwa ndi amishoni komanso mabungwe a anthu akuda a nthawi imeneyo, ma Native Association. Koma ku Kasungu kunalibe Lopping Hall.

Tisanamizane kuti zonse ndi mlandu wa azungu. Titalandira ufulu mu 1964, boma lathu linapitiriza njira yomweyo. Nyika inakhala national park yoyamba mu 1965, ndipo itakulitsidwa mu 1978 mabanja ambiri anasamutsidwa. Liwonde inakhazikitsidwa mu 1973, Lake Malawi National Park mu 1980. Tisanamizanenso kuti popanda chitetezo zinthu zikanakhala bwino. Aliyense amene anakulira ku Blantyre akudziwa zimene zinachitikira phiri la Ndirande m'zaka za m'ma 1990. Ku Majete njovu zonse zinali zitaphedwa pofika 1992. Munthu akamva kuti nkhalango ndi ya boma, ndipo boma likafooka, amadula mwachangu mnzake asanamutsogolere.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti Epping Forest yomwe inaphunzira kuti kuchotsa anthu kuli ndi mtengo wake. Kusadza kutaleka, nthambi za mitengo ija zinakula mopyola, n'kutseka dzuwa. Pansi panada, maluwa ndi zomera zina n'kuchepa, mitengo ina yakale n'kumang'ambika ndi kulemera kwa nthambi zake. Lero oyang'anira nkhalango amalipira akatswiri kuti azichita ntchito imene Willingale ankagwira ulere. Ng'ombe nazonso zinachoka mu 1996 pa nthawi ya matenda a misala ya ng'ombe, tchire n'kuyamba kumeza msipu, ndipo anachita kuzibweza. Pano kuli ng'ombe za mtundu wa English Longhorn zovala makolala a GPS. Malire amajambulidwa pa foni. Ng'ombe ikayandikira malirewo kolala imalira, ikakakamira imamva kashoko pang'ono, n'kubwerera. Monga munthu wa makompyuta, zimenezi zinandikoma. Koma nzeru yake ndi yakale: nkhalango imeneyi inapangidwa ndi nkhwangwa ndi ng'ombe za anthu wamba.

Makolo athu ankazidziwa zimenezi. Pitani mudzi uliwonse m'chigawo chapakati, pamene patsala mitengo ikuluikulu ndi kumanda, chifukwa palibe amene angadule chisawawa malo a mizimu ndi a dambwe. Ku Nsanje nkhalango ya Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona, yasungidwa zaka mazana popanda waya. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mfumu Makanjira ndi anthu ake amatseka usodzi nyengo ya mvula kuti nsomba ziswane, dongosolo limene linayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amalimvera chifukwa ndi lawo.

Nanga lero zili pati? Mu 2003 boma la Malawi linagwirizana ndi African Parks kuti iziyendetsa Majete. Anamanga mpanda, anabweretsa zipembere, njovu, ndipo mu 2012 mikango. Midzi yozungulira imaloledwa kumweta udzu wofolera pa nyengo yake, ndipo ena akuweta njuchi. Mu 2015 Liwonde ndi Nkhotakota zinalowa m'dongosolo lomwelo, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira ku Nkhotakota. Izi ndi zonyaditsa. Koma mu 2022 njovu 263 zitachotsedwa ku Liwonde kupita ku Kasungu, anthu a m'midzi yozungulira, ku Malawi ndi ku Zambia komwe, akhala akudandaula kuti minda ikuwonongeka ndipo ena ataya miyoyo. Funso lija la ku Loughton labweranso: wopindula ndani, wolipira ndani, ndipo woluzayo ali ndi mpando pa tebulo?

Anzanga a kunja kuno, nkhaniyi ikutikhudza kuposa mmene timaganizira. Ndalama zimene timatumiza kumudzi zimagula thumba la makala, zimawotcha njerwa za nyumba zathu zija tikumanga ku Area 25 ndi ku Chileka. Tikapita kutchuthi timajambulitsa ndi njovu ku Liwonde n'kuika pa Instagram. Ena mwa inu mumagwira ntchito m'mabungwe a konkuno amene amatumiza thandizo kwathu. Ndiye mukamva za pulojekiti yoteteza chilengedwe, funsani mafunso atatu. Anthu a pamalopo anali ndi ufulu wanji kale? Ufuluwo ukachotsedwa alandira chiyani, ndipo zalembedwa pati? Akusankha ndani woti awayankhulire m'komiti? Ku Epping mafunso amenewa anayankhidwa ndi lamulo mu 1878, ngakhale mosakwanira. Agogo anga anamwalira asanafunsidwe ndi limodzi lomwe.

Ngati muli ku London, Loweruka likubwerali kwerani Central line mpaka ku Loughton, muone Lopping Hall pafupi ndi siteshoni, kenako mulowe m'nkhalango muyang'ane mitengo ija yokhala ndi nthambi zambiri zotuluka pamalo amodzi. Imeneyo ndi mitengo imene anthu ankasadza. Ndipo mukayimba foni kumudzi sabata ino, afunseni akuluakulu kuti nkhalango ya kwanu inali ya yani boma lisanaike chikwangwani. Zimene akuuzeni mutitumizire, tidzaziwerenga m'gawo likubwerali.