Mawu a pa botolo la vinyo wa ku France

Ambiri a ife kuno ku Malosa vinyo tinamudziwira paguwa. Paja likulu la Dayosizi ya Anglican ya Upper Shire lili konkuno, ndipo pa Misa timaona wansembe akuthira vinyo m'chikho n'kudonthezamo timadzi. Vinyo wa kutchalitchi kawirikawiri amakhala wotsekemera, motero munthu akalawa wofiira wa ku France amakwinya nkhope n'kunena kuti wasasa.

Sanasase ayi. Afalansa amati vinyo wotere ndi sec, ndiye kuti shuga wa m'mphesa watha. Mphesa zikafinyidwa, yisiti imadya shugayo n'kumusandutsa mowa, ndipo wopanga vinyo akaisiya kuti idye mpaka kumapeto, pamatsala shuga wosapitirira magalamu 4 pa lita imodzi. Ukali wake nthawi zambiri umafika pakati pa 12 ndi 14 peresenti.

Chimene chimakwinyitsa nkhope kwenikweni ndi tanin. Amene analumako suku losapsa la m'phiri la Malosa akukudziwa kumangika kwa m'kamwa kumene ndikunena: lilime limauma, nkhama n'kuchita ngati zikukokana. Tanin amachokera m'makoko ndi m'njere za mphesa. Madzi a mphesa zakuda zambiri si ofiira. Kufiirako kumabwera chifukwa makoko amasiyidwa momwemo kwa masiku kapena masabata pamene vinyo akuwira. Tanin yemweyo ndiye amathandiza vinyo kukhala zaka m'botolo osawonongeka, ndipo pa nyama yonona amatsuka mafuta m'kamwa. Kumwa vinyoyu ndi keke ndi kuwononga zonse ziwiri.

Mawu amene Afalansa amawanyadira koposa ndi terroir: dothi, kutsetsereka kwa munda, mvula, dzuwa ndi kalimidwe ka anthu a pamalopo, zonse pamodzi. N'chifukwa chake botolo lawo kawirikawiri limatchula dera, osati mtundu wa mphesa monga achitira a ku South Africa, amene vinyo wawo ndiye wadzaza m'masitolo a ku Zomba ndi ku Blantyre. Kuyambira mu 1935 lamulo la AOC limanena malire a dera lililonse, mphesa zololedwa ndi kuchuluka kwa zokolola pa hekitala. Wofiira wa ku Bourgogne amakhala wa mphesa za Pinot noir. Wa ku Bordeaux amasakaniza makamaka Merlot ndi Cabernet Sauvignon. Chaka cholembedwa pabotolo, millésime, ndi chaka chothyola mphesa, si chaka chimene vinyo analowa m'botolo.

Nanga vinyo wa m'munda wa banja limodzi mungamudziwe bwanji? Apa mpamene ogula amapusitsidwa. Chithunzi cha nyumba yachifumu ndi dzina lokoma sizitsimikizira kanthu, pakuti amalonda otchedwa négociant amagula mphesa kapena vinyo kwa alimi ambiri n'kusakaniza. Ena mwa iwo amapanga vinyo wabwino ndithu, koma si wa munda umodzi. Ngati mukufuna wa alimi amene anadulira mipesa yawo, kuthyola mphesa ndi kutseka botolo pamunda pomwepo, fufuzani timalemba ting'onoting'ono takuti mis en bouteille au domaine, kapena au château. Tikasowa, funsani wogulitsa musanatulutse ndalama.