Zovuta za Opaleshoni Pambuyo pa Radiotherapy ya Khansa ya Khomo la Chiberekero

Khansa ya khomo la chiberekero ndiyo yofala kwambiri pakati pa amayi ku Zimbabwe. Ikakula kupitirira khomo la chiberekero, chithandizo chachikulu ndi radiotherapy, kumene kuli kuwotcha khansa ndi cheza champhamvu, kawirikawiri pamodzi ndi mankhwala a cisplatin. Amayi a ku Kwekwe, Redcliff, Shurugwi ndi Zvishavane amatumizidwa ku chipatala cha Mpilo ku Bulawayo kapena cha Parirenyatwa ku Harare, komwe kuli makina a boma.

Kodi opaleshoni imafunika liti?

Amayi ambiri saifuna. Chotupa chimapitiriza kuchepa kwa miyezi pafupifupi 3 kuwotcha kutatha, choncho madokotala amayamba adikira. Amaganiza za opaleshoni khansa ikatsala kapena ikabwerera pamalo omwewo isanafalikire kwina. Angachotse chiberekero chokha, koma nthawi zina amachotsanso chikhodzodzo kapena mapeto a matumbo, ndipo mkodzo kapena chimbudzi zimatulukira m'thumba lomatidwa pamimba.

N'chifukwa chiyani imavuta?

Cheza chimaumitsa minofu, chimachititsa ziwalo kumatirirana, komanso chimawononga timitsempha ta magazi. Mnofu wosalandira magazi okwanira suchira msanga ukadulidwa. Motero pangabuke izi:

- bala kuchedwa kupola, kuchita mafinya kapena kutseguka;
- fistula, yomwe ndi chiboo pakati pa njira yoberekera ndi chikhodzodzo kapena matumbo;
- kuphinjika kwa timachubu totenga mkodzo ku impso, zimene zingawononge impsozo;
- kutsekeka kwa matumbo;
- kutupa miyendo, kapena magazi kuundana m'mitsempha.

Zina mwa izi zimaonekera patapita miyezi.

Thamangirani kuchipatala mukaona izi

Mkodzo kapena chimbudzi kutuluka kunjira yoberekera, kutentha thupi, kutaya magazi, kusanza mimba itafufuma, mkodzo kuchepa kwambiri, mwendo umodzi kutupa ndi kuwawa, kapena kubanika. Musadikire tsiku limene anakuuzani ku Bulawayo kapena ku Harare. Yambirani pachipatala chapafupi, monga cha Gweru, mutanyamula makadi onse a chithandizo chanu. Fistula ndi bala lamkati, choncho si yochita nayo manyazi.

Musanavomere opaleshoni

Funsani dokotala ngati cholinga n'kuchiza kapena kuchepetsa ululu, ziwalo zimene zichotsedwe, ndiponso ngati mudzafunika thumba. Lekani fodya, idyani mokwanira, ndipo ngati mumamwa ma ARV, musadumphitse.