Portes du Soleil: njira za njinga zam'mapiri

Portes du Soleil ndi dera la tchuthi m'mapiri a Alps, pamalire a France ndi Switzerland, lomwe limaphatikiza midzi ya alendo 12 monga Morzine, Les Gets ndi Champéry. Chipale chofewa chikasungunuka, mipando yoyenda pa chingwe imanyamula anthu pamodzi ndi njinga zawo kukawasiya pamwamba, ndipo iwo amatsetsereka m'njira zoikidwa zizindikiro: zobiriwira n'zosavuta, zabuluu ndi zofiira zimafuna luso, zakuda n'za akatswiri okhaokha. Mpikisano wa njinga zam'mapiri wa dziko lonse lapansi unachitikira ku Les Gets mu 2004 ndi 2022, komanso ku Champéry mu 2011.

Ena amadandaula kuti njingazi zikuwononga mapiri, ndipo sakunama. Wokwera akamanga mabuleki pamatope, tayala limakumba kangalande, mvula n'kukakulitsa mpaka mizu ya mitengo kuonekera. Komatu mankhwala ake si kuletsa njinga. Njira yokonzedwa bwino imakhota mozungulira, imapatutsa madzi, ndiponso imasonkhanitsa okwera pamzere umodzi, kutali ndi oyenda pansi ndi msipu wa ng'ombe. Imapatsanso ntchito eni mahotela ndi okonza njinga m'miyezi imene kale malonda ankazilala, makamaka tsopano pamene chipale chofewa, chomwe chimakopa alendo m'nyengo yozizira, chikucheperachepera m'malo otsika.