Chiyambi cha zithunzi zosafanizira chinthu ku Ulaya

Kwa zaka mazana ambiri, ntchito ya wojambula ku Ulaya inali yofanizira zomwe maso amaona, monga nkhope ya mfumu, phiri kapena nkhani ya m'Baibulo. Pakati pa 1906 ndi 1915, akatswiri angapo m'maiko osiyanasiyana anasiya njira imeneyi n'kuyamba kujambula mitundu, mizere ndi maonekedwe okhaokha. Pa Chingerezi lusoli amalitcha abstract art.

Yemwe anatambasula bwino maganizo a lusoli ndi Wassily Kandinsky, wobadwira ku Moscow mu 1866. Iye anaphunzira zamalamulo ndi zachuma, ndipo anapita ku Munich mu 1896 kukaphunzira kujambula ali ndi zaka 30. Ananenapo kuti ataona chithunzi cha Claude Monet chosonyeza mulu wa udzu, sanazindikire chomwe chinajambulidwacho, komabe utoto wake unamugwira mtima. Mfundo yomwe anaimanga pambuyo pake inali yakuti utoto ungathe kulankhula ndi mtima wa munthu monga momwe nyimbo yopanda mawu imachitira.

M'buku lake lomwe linatuluka kumapeto kwa 1911, Über das Geistige in der Kunst, anapatsa mtundu uliwonse khalidwe ndi liwu lake. Chikasu anati ndi mtundu waukali, wonga kulira kwa lipenga. Buluu wowala anamufanizira ndi chitoliro, pomwe buluu woderatu anamufanizira ndi limba la m'tchalitchi. Mtundu wobiriwira sanaukonde kwenikweni; anati uli ngati ng'ombe yonenepa yomwe yangogona phee, ikubzikula. Izi sizinali sayansi, zinali momwe iyeyo ankamvera, koma zinapatsa anzake chifukwa chosiyira kufanizira. Chithunzi chake chachikulu cha Composition VII, cha mu 1913, chili ku Tretyakov Gallery ku Moscow.

Kazimir Malevich anapitirira apo. Mu 1915 ku Petrograd anaonetsa Black Square, sikweya yakuda pa nsalu yoyera, ndipo anaipachika pakona ya chipinda pomwe mabanja a ku Russia ankaikapo zithunzi za oyera mtima.

Lusoli linalinso ndi adani. Sukulu ya Bauhaus, komwe Kandinsky ankaphunzitsa, inatsekedwa mu 1933 chifukwa cha chipani cha Nazi, ndipo mu 1937 chipanichi chinaika zithunzi zake pa chionetsero cha ku Munich chonyoza luso lomwe chinati ndi loonongeka. Iye anamwalira ku France mu 1944.

Funso lakuti anayamba ndani silinathe. Hilma af Klint, mayi wa ku Sweden, anali atayamba kale mu 1906, ndipo pofika 1915 anali atamaliza zithunzi 193 za gulu lomwe analikonzera kachisi. Analamula kuti zisaonetsedwe mpaka patapita zaka 20 iye atamwalira, motero mabuku a mbiri ya luso anamudumpha kwa nthawi yaitali. Anthu ambiri anaziona koyamba mu 1986 ku Los Angeles, ndipo chionetsero chake ku Guggenheim Museum ku New York, kuyambira 2018 mpaka 2019, chinakopa anthu oposa 600,000.