Azotus the Kingdom

Azotus the Kingdom ndi buku la nkhani yopeka lomwe adalemba m'Chingerezi mlembi wa ku Malawi, Shadreck Chikoti. Lidapambana mphotho ya Peer Gynt mu 2013 lisanasindikizidwe, ndipo bungwe la alembi la Malawi Writers Union lidalitulutsa mu 2015. Nkhani yake ikuchitika mu Africa zaka 500 zikubwerazi.

Bukuli ndi la mtundu wa nkhani zosimba za m'tsogolo, pomwe sayansi yafika patali koma ufulu wa munthu watheratu. Mu ufumu wa Azotus aliyense amakhala payekha m'nyumba mwake. Chakudya ndi zina zofunika amapatsidwa, njala kulibe, koma kulibenso mnansi wopatsana naye moni. Mwini nkhani ndi Kamoto, yemwe amayamba kudzifunsa chimene chili kunja kwa khomo lake, ndipo funso lokhalo ndi mlandu. Kwa Mmalawi, amene adazolowera kudzutsidwa ndi odi ndi kupalira moto kwa a panyumba pafupi, chowopsa cha bukuli si makina ayi, koma dziko lopanda mudzi, lopanda maliro osonkhanirana, lopanda bwalo.

Kumaiko a azungu nkhani zamtunduwu zidatchuka kwambiri pakati pa achinyamata. Mu The Giver, buku la Lois Lowry la mu 1993, mwana akakwanitsa zaka 12 akuluakulu amamusankhira ntchito ya moyo wake wonse. Mu The Hunger Games la Suzanne Collins, la mu 2008, boma limatenga mnyamata ndi mtsikana wa zaka za pakati pa 12 ndi 18 m'chigawo chilichonse kuti akaphane anthu akuonerera pa kanema. Mu Divergent la Veronica Roth, la mu 2011, wofika zaka 16 amasankha gulu lokakhalamo, ngakhale kutero kukhale kusiya makolo.

Mabuku atatuwa onse ali ndi mwambo wovula ubwana, ndipo wowerenga wa kunyanja ku Nkhotakota sangavutike kuuzindikira. Kumeneko kuli jando pakati pa Asilamu, kuli chinamwali ndi dambwe pakati pa Achewa. Mwana amachotsedwa pakhomo, amakapatsidwa mwambo ndi anamkungwi, amasunga chinsinsi, nabwerera ali wamkulu. Kusiyana kwake n'kwakuti m'mabukuwa mwambo suli m'manja mwa mudzi koma mwa boma lankhanza, ndipo chinsinsi chomwe wachinyamata amatulukira n'chakuti akuluakulu akhala akunama. Motero amakula pokana, osati pomvera. Chikoti sadalembere achinyamata okha, koma ulendo wa Kamoto ndi womwewu: kuchoka pongolandira zonse n'kufika poganiza payekha.

Ngakhale zotenga ana mokakamiza, monga za mu The Hunger Games, si zachilendo m'mbiri ya Nkhotakota. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840, Jumbe Salim bin Abdallah ndi omulowa m'malo adasandutsa dokoli msika wa akapolo, omwe ankawolotsedwa nyanja m'zombo n'kuyenda pansi mpaka ku Kilwa. Ufumu wa a Jumbe udatha m'zaka za m'ma 1890.

Chikoti adathandizanso kuti alembi ena ayambe kulemba za m'tsogolo. Adayambitsa Story Club, bwalo lokumanirana alembi ndi okonda zaluso, ndipo mu 2014 adasankhidwa pa mndandanda wa Africa39, wa alembi 39 osakwana zaka 40 a kumwera kwa chipululu cha Sahara. Kampani yake ya Pan African Publishers idatulutsa Imagine Africa 500, buku la nkhani zifupizifupi za alembi a m'maiko osiyanasiyana, lomwe mkonzi wake adali Billy Kahora wa ku Kenya. M'menemo muli One Wit' This Place ya Muthi Nhlema, yosimba za dziko lowonongeka ndi kusintha kwa nyengo. Mutu umenewu msodzi wa usipa aliyense angaumve msanga.

Mabuku onse atchulidwa panowa adalembedwa m'Chingerezi, choncho amafikira makamaka achinyamata a kusekondale ndi kukoleji.